Khirisimasi yathu yayamba kubwera m'katoni

Lamulungu lapitali, mapemphero atatha, mlembi wa mpingo wathu anaimirira n'kulengeza kuti banja lililonse lisonkhe K5,000 yogulira "zokongoletsa zenizeni" za Khirisimasi. Mawuwo ndawalemba momwe anawanenera. Akuti komiti yagwirizana zotuma anthu awiri ku Kyela kuti akagule mtengo wa pulasitiki, timagetsi tothwanima ndi zingwe zonyezimira zija, chifukwa alendo akabwera pa 25 Disembala amatiseka kuti tchalitchi chathu chimaoneka ngati dimba.

Amayi anga anali pa benchi yachitatu. Iwowa ndi amene akhala akutsogolera amayi okongoletsa tchalitchichi kuyambira ine ndili ku pulayimale. Atamva mawu oti dimba anangoweramitsa mutu n'kumakonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale. Titafika kunyumba sanaitchule nkhaniyi. Anangondifunsa ngati ndili ndi K5,000 yoti ndiwabwereke. Ndinalibe. Digiri yanga ili mu sutikesi chaka chachitatu tsopano, ndipo ndalama yomwe ndimapeza pogulitsa mayunitsi pafupi ndi chipata cha pa Songwe imathera m'mimba tsiku lomwelo.

Ndiye ndikufuna ndinene poyera, ngakhale ndikudziwa kuti ena mundida: kusonkhetsa anthu osauka ndalama kuti akagule mtengo wabodza, m'dera lomwe nthochi zimamera mpaka kuseri kwa bafa, ndi uchitsiru. Choipa kwambiri n'chakuti uchitsiru umenewu ukuphunzitsa ana athu kuti chinthu chopangidwa ndi manja a amayi awo n'chochititsa manyazi.

Kwa inu amene simunafikeko kuno, Songwe ndi pomwe msewu wa M1 umathera. Ukawoloka mlatho wa pa mtsinje wa Songwe wafika pa Kasumulu, m'dziko la Tanzania. Disembala akangoyamba, mlatho umenewu supuma. Makatoni amawoloka pamutu, panjinga yakapalasa, panjinga yamoto, ena m'malole. Ine ndimakhala pompo tsiku lonse, ndiye ndimaona Khirisimasi ya Amalawi ikulowa m'dziko muno: mitengo yopindapinda m'mabokosi, zipewa zofiira za Father Christmas, mipira yonyezimira yoti ukangoigwira molimba yaphwanyika.

Katunduyu amachokera kutali. Gawo lalikulu la zokongoletsa za Khirisimasi za pa dziko lonse limapangidwa m'mafakitale a mzinda wa Yiwu ku China. Zimakwera sitima ya pamadzi mpaka pa doko la Dar es Salaam, zikatsitsidwa ku msika wa Kariakoo, kenako malole azitenge kudutsa Uyole ndi Tukuyu mpaka Kyela. Aliyense m'njiramo amadyapo yake. Ife timalipira m'makwacha, osintha ndalama a pamlatho amaisandutsa mashilingi, ndipo kumapeto kwake wina amalipira m'madola. Madola omwewo amene dziko lathu limasowa pogula mafuta agalimoto, feteleza ndi mankhwala. Mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo tonse tikukumbukira momwe mitengo ya sopo ndi shuga inalumphira sabata yomweyo. Ndiye tangoganizani, dziko limene anthu amagona pamzere wa petulo likutumiza ndalama kunja kuti ligule masamba abodza. Masamba, aise!

Ndikudziwa kuti K5,000 ya amayi anga siingagwetse kapena kudzutsa kwacha. Chimene chikundiwawa kwenikweni ndi liwu lija lakuti "zenizeni". Tiyeni tifufuze kuti zenizenizo zinayamba bwanji.

Nkhata ya makandulo imene mipingo ina imayatsa m'masabata anayi oyembekezera Khirisimasi inayambira ku Hamburg, ku Germany, mu 1839. M'busa wina dzina lake Johann Hinrich Wichern ankasunga ana osauka, ndipo anawo ankamuvutitsa tsiku ndi tsiku kufunsa kuti Khirisimasi ifika liti. Iye anatenga gudumu lakale la ngolo, n'kuikapo makandulo kuti anawo aziyatsa limodzi tsiku lililonse mpaka tsikulo lifike. Gudumu lotha ntchito, basi. Khola la mwana Yesu limene timaliona m'matchalitchi linatchuka ndi Francis wa ku Assisi, yemwe mu 1223 m'mudzi wa Greccio ku Italy anabweretsa udzu, ng'ombe ndi bulu zamoyo kuti anthu wamba aone ndi maso umphawi umene Yesu anabadwiramo. Nyenyezi ya nsonga zambiri ya mpingo wa Moravian, mpingo womwe amishonale ake anafika ku Rungwe, kutsidya kwa mlathowu, mu 1891, inayamba ngati ntchito ya ana a sukulu ku Germany, yodula ndi kumata mapepala. Ngakhale mtengo weniweniwo, azungu ankaulowetsa m'nyumba chifukwa Disembala kwawo ndi nyengo yozizira kwambiri, mitengo yambiri imakhala itayoyoka masamba, ndiye nthambi yobiriwira inkawakumbutsa kuti moyo ukadalipo.

Mwaona? Onsewa anatenga zomwe zinali pakhomo pawo. Amayi anga akamadula nthochi ndi kanjedza n'kumangira pakhomo la tchalitchi, akuchita ndendende zomwe Wichern ndi Francis anachita. Ngati pali wina amene akusunga mwambo weniweni wa Khirisimasi pa Songwe pano, ndi iwowo. Komiti yathu ikufuna kugula chithunzi cha nyengo yozizira ya anthu ena, chokhala ndi thonje loyera loimira chipale chofewa, n'kuchiimika m'tchalitchi cha malata momwe anthu akudzikupiza ndi mabuku a nyimbo chifukwa cha kutentha kwa Karonga. Kuno Disembala mvula yagwa, dziko lonse labiriwira, mitengo ya flamboyant yafiira m'mbali mwa msewu. Mulungu watikongoletsera kale, ife tikuti ayi, tikufuna za m'katoni.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti tizingotengera za azungu bola tipange ndi manja. Chaka chatha ndinayesa zimenezo ndipo ndinaphunzirapo. Ndinaona pa Facebook nkhata zobiriwira zopachikidwa pazitseko za ku London, ndiye ndinati nanenso. Ndinapota luzi la nthochi, ndinalukirapo masamba ndi maluwa ofiira, n'kukhomerera pachitseko chathu. Inakongola ndithu. Pasanathe ola limodzi agogo ena oyandikana nafe anafika chitenje chili m'manja, akupuma mwawefuwefu, n'kundifunsa kuti, "Mwana wanga, watisiya ndani?" Ndinachita kuwagwira dzanja n'kuwalowetsa m'nyumba kuti aone okha kuti Amayi ali moyo, akusenda chinangwa.

Agogowo sanalakwe. Kwathu kuno nkhata ya maluwa timaika pamanda, ndipo masamba aawisi akaikidwa pamsewu ndiye kuti pamudzipo pali maliro. Wolakwa ndinali ine, wophunzira wa ku yunivesite amene ndinakopera chinthu pafoni osafunsa kuti kwathu chimatanthauza chiyani. Nkhata ija ndinaichotsa pachitseko n'kuigoneka patebulo, pakati ndinaikapo mbale ya mchenga yokhala ndi makandulo anayi. Pamenepo palibe anadabwa nayo. Kukopera mwakhungu ndi matenda amodzimodzi, kaya wagula ku Kyela kaya waluka wekha.

Makolo athu ankadziwa kutenga chachilendo n'kuchisandutsa chawo. Ataona magulu a asilikali achitsamunda akuguba ndi malipenga amkuwa, sanadikire kuti wina awatumizire malipengawo. Anatenga zikho, anaziboola, n'kupanga gule amene kuno timamutcha mapenenga, ndipo mpaka lero anthu amathamangira kukaonerera. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a zaluso a KuNgoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 akhala akusema nkhani za m'Baibulo ndi nkhope za Amalawi, ndipo alendo ochokera kunja amagula zosemazo n'kupita nazo kwawo. Zoseketsa eti? Mzungu akunyamula zosema za ku Mua kupita nazo ku Ulaya, ife tikunyamula pulasitiki wa ku Yiwu kubwera naye ku Karonga.

Tsono kuti ndisangokhala wolalata, nazi zomwe Amayi ndi anzawo amachita, ndi zina zomwe ndaphunzira kwa iwo. Palibe chofuna ndalama yoposa ya makandulo ndi ulusi.

Choyamba ndi kuzira. Kukatsala masiku atatu kapena anayi, amayi amakatapa dothi lakuda ndi lofiira, amazira pansi ndi m'khonde, ena n'kujambula mizere ndi maluwa m'munsi mwa khoma. Nyumba yozira bwino, pabwalo posesa, imaoneka ya chikondwerero usanapachike kalikonse. Amene munakulira kumudzi mukudziwa fungo la dothi lozira kumene. Kwa ine fungo la Khirisimasi ndi limenelo, kuphatikiza la mpunga wa Kilombero uli pamoto.

Chachiwiri ndi chipata cha pakhomo. Mumadula mitengo iwiri ya nthochi imene yabereka kale, poti imeneyo ndi yodula basi, n'kuiimika uku ndi uku. Pamwamba mumapinda nthambi ziwiri za kanjedza kuti zikumane, n'kumanga ndi luzi. Maluwa mumangowabaya mu thunthu la nthochilo, ndipo chifukwa thunthulo lili ndi madzi, safota msanga. Ntchito imeneyi ndi ya madzulo a pa 24. Mukafulumira, dzuwa la kuno likuchititsani manyazi.

Chachitatu ndi nyenyezi. Mumang'amba nsungwi kapena bango n'kupeza timitengo tisanu tofanana kutalika. Mumatilumikiza nsonga ndi nsonga mopingasa mpaka nyenyezi ya nsonga zisanu ituluke, n'kumanga ndi ulusi wa thumba paliponse pamene timitengo takumana. Kenako mumamata pepala, kaya la kalendala yakale, kaya la thumba la simenti lopakidwa laimu. Zomatira musagule. Supuni ziwiri za ufa wa kondowole, madzi pang'ono, muphike ngati phala lopyapyala mpaka lichite kunanda, lizizire. Limagwira bwino lomwe.

Chachinayi ndi zingwe zopachika. Pitani kwa telala aliyense, mupeza mulu wa tizidutswa ta zitenje tomwe akufuna kutaya, makamaka mwezi uno pamene aliyense akusoketsa. Mumatidula mwamakona atatu n'kutisokerera pa chingwe chachitali. Mitundu yake imaposa ya zingwe zonyezimira zija, ndipo chikada mumachapa n'kusunga. Makoko a chimanga ouma nawonso amapindika kukhala maluwa, mukawanyika kaye m'madzi kuti afewe.

Chachisanu, chomwe ine ndimachikonda kwambiri, ndi khola. Denga la luzi la nthochi louma, pansi udzu wa mpunga, ndipo ziweto muwasiyire ana. Mwana aliyense wa ku Karonga amene anawetako ng'ombe amadziwa kuumba ng'ombe yadothi, ya linunda ndi nyanga zake. Chaka china mng'ono wanga anaumba ng'ombe zisanu ndi imodzi, ndipo tsiku lonse la Khirisimasi anaima pafupi ndi kholalo kuuza aliyense wodutsa kuti iyi ndi iyi ndaumba ndine. Chenjezo limodzi lokha: luzi louma ndi kandulo ndi adani. Kandulo aziima mu mbale ya mchenga, patali ndi chilichonse chouma, ndipo wamkulu azikhala pafupi.

Tsopano ndiyankhe zomwe anzanga andiuza kale pa WhatsApp, poti ena mwa iwo ali ndi mfundo.

Wina anati, "Iwe ukufuna kupha bizinesi ya anthu." Msuweni wanga weniweni amagulitsa zinthu zimenezi pamsika, ndipo Disembala ndi mwezi umene amapezera fizi ya ana. Sindikupempha boma kuti liletse kalikonse. Mu Epulo 2025, pamene Malawi ndi Tanzania anakokanakokana pa malonda a zokolola, tinaona ndi maso athu momwe anthu a pano amavutikira katundu akaima pamlatho, ndipo sindikufuna kuzionanso. Munthu amene ali ndi ndalama yake akagule mtengo wake, aimike pabalaza pake, palibe mlandu. Chimene ndikukana ndi kusonkhetsa mayi wamasiye, wogulitsa zitumbuwa, ndalama ya nyama ya ana ake kuti mpingo uoneke bwino pa chithunzi. Ndiponso telala, woluka mphasa ndi mmisiri wa nsungwi nawonso ndi abizinesi. Ndalama yosonkhayo itapita kwa iwo ikanazungulira pamudzi pompano.

Wina anati pulasitiki amakhalitsa, mugula kamodzi basi. Ndani wa inu anaonapo timagetsi ta mtengo wotsika tija tikuyaka Khirisimasi zitatu zotsatizana? Zingwe zonyezimira zimayoyoka Januwale asanathe, makoswe ndi chinyezi amamaliza zotsalazo mu sitolo ya mpingo, ndipo chaka chamawa mlembi adzaimiriranso. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zikatha ntchito zimapita kuti? Kuno kulibe galimoto yotola zinyalala. Timaotcha, ana n'kumapuma utsiwo, kapena mvula imazikokolola kupita mu Songwe, Songwe n'kuzitula m'nyanja momwe timapha usipa. Dziko lino linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, nkhaniyo inakokedwa m'makhoti zaka zambiri, ndipo majumbo akadali mbwee m'ngalande. Tiwonjezerenso zathu za tchalitchi? Chipata cha Amayi chikafota, thunthu la nthochi timadulira ng'ombe, masamba amapita kudzala la manyowa.

Wina, mtsikana amene tinaphunzira limodzi, anandibaya pamtima. Anati, "Mumakonda kutamanda ntchito za manja inu amuna chifukwa manjawo si anu." Apa ndilibe chokana. Zaka zonsezi amene amatapa dothi, kudula nthochi ndi kuluka mpaka usiku ndi amayi, omwenso m'mawa mwake aphike mpunga wa banja lonse. Ife anyamata timatulukira pa 25 titavala malaya atsopano, n'kujambulitsa pachipata chomwe sitinamange. Ngati amayi ena a m'komiti avomera mtengo wa pulasitiki chifukwa atopa, ndikuwamvetsa. Koma mankhwala a kutopa kwawo ndi ife kugwira chikwanje. Mutu umodzi susenza denga. Kugula katoni kuti amuna tipitirize kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi kuthawa mlandu.

Wina anati ana amakonda zonyezimira. Zoona, inenso ndinkazikonda. Koma mwana amene wangoonerera mtengo wogula waphunzira kuti chokongola chimachokera kutsidya ndipo chimafuna ndalama yomwe kwawo kulibe. Mwana amene waumba ng'ombe n'kuiona ili kutsogolo kwa mpingo wonse waphunzira kuti manja ake amatha kanthu. Mwa ana awiriwa, ndi uti amene mukufuna adzakhale injiniya wa dziko lino? Timadandaula tsiku lililonse kuti Malawi amagula kunja ngakhale zotokosera m'mano. Mtima umenewo umayambira pa zinthu zazing'ono ngati izi, mwana ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, atamva akuluakulu akutcha ntchito ya agogo ake kuti dimba.

Ndipo wina anandiseka kuti ndikulemba zonsezi pa foni ya ku China yomwe ndinagula ku Kyela komweko. Eya, ndi zoona. Foni sindingathe kupanga. Nyenyezi ndingathe. Tizigula kunja zomwe zatikanika, koma masamba asatikanike.

Lachiwiri ndinapita kwa mlembi uja. Ndi bambo aulemu wawo, anandiphunzitsa Sande sukulu, ndiye ndinalankhula mogwira mawondo. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati zomwe komiti yagamula zagamulidwa, ndipo mabanja ambiri apereka kale. Mtengo ubwera. Koma anavomera zinthu ziwiri: banja limene lilibe K5,000 lisalembedwe pa mndandanda wowerengedwa kutsogolo, ndipo kunja kwa tchalitchi ndi pakhomo pakhale pa amayi monga kale.

Nditawauza Amayi, anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye iwe ukadule nsungwi, msana wanga chaka chino sukufuna." Anatinso nthochi ziwiri za kuseri kwa khola la nkhuku zabereka kale, ndisakadule zina.

Choncho Loweruka likudzali, kuyambira 2 koloko masana, tidzakhala pansi pa mtengo wa mango wa kuseri kwa tchalitchi. Anyamata a kwaya atatu alonjeza kubwera, telala wa pamsika watisungira thumba la zidutswa, ufa wa kondowole ndibweretsa ine. Ngati muli pa Songwe, Iponga kapena Kaporo ndipo muli ndi mpeni wakuthwa, bwerani. Amene muli ku Lilongwe, Blantyre kapena ku Joni, funsani amayi anu kapena agogo anu kuti ankakongoletsa ndi chiyani inu musanabadwe, mupange chimodzi chokha, munditumizire chithunzi. Koma chonde, nkhata musapachike pachitseko.